Msana Uli Pachikuto cha Chimbale cha Alamu Anga Ndi Wanga

Aphungu,

Kalata iyi ndailemba katatu. Yoyamba inatalika kwambiri, yachiwiri ndinaona kuti ndikungodziikira kumbuyo, ndiye iyi ndati ingopita mmene ililimu ndisanasinthenso maganizo.

Ndine mwamuna wa zaka makumi atatu ndi zinayi, wosakwatira. Ndinaphunzira zojambulajambula ku yunivesite, ndipo ndimagwira ntchito pakampani ina yaing'ono yosindikiza mapepala. Malo anga ndi kachipinda ka kumbuyo, momwe muli desiki, kompyuta, makatoni a mapepala, ndi zenera limodzi loyang'ana khoma la anzathu ogulitsa matayala. Ntchito yanga yambiri ndi makadi a ukwati okhala ndi nkhunda ziwiri, ndi makalendala. Sindine munthu wolankhulalankhula. Anzanga a kuntchito amanditchula kuti a Pepani, chifukwa tsiku lina ndinagunda mpando n'kuupepesa, anthu akuona.

Nkhani yanga ikukhudza alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu. Iwowa ndi woimba. Anthu amawadziwa ndi dzina loti Chigubu, ndipo mukawaona simungafunse chifukwa chake: ndi aafupi, ozungulira, ndipo akaseka makapu a m'kabati amagundana. Akhala akuimba zaka khumi ndi ziwiri m'maukwati ndi m'maphwando a makampani. Nyimbo zawo ndi zovina. Ina imakamba za patapata imodzi yomwe inasowa pakhonde, ina za tambala wa aneba amene amalira masana okhaokha. Akafunsidwa za maonekedwe awo amadzisisita pamimba n'kunena kuti ukaipa dziwa nyimbo.

Chaka chino anajambula chimbale chawo choyamba, ndipo anandipempha kuti ndiwakonzere chikuto. Zomwe ankafuna anachita kundilembera papepala: iwo pakati atavala suti yofiira, pakamwa pali yasa, kumbuyo kwawo magalimoto awiri (omwe alibe), mbali ina mkango, kumwamba mphezi, dzina lawo m'zilembo zagolide. Pamapeto anawonjezera pakamwa kuti, “Mimbayi muichepetseko pakompyuta panupo, alamu, koma osati yonse, anthu angandisowe.”

Tinabwereka chipinda china chopanda kanthu pamwamba pa kampani yathu, chomwe chili ndi zenera lalikulu. Pa ntchito yathuyi, mwiniwake wa chithunzi asanafike, umayamba wayesa kuwala. Umaimika munthu wina aliyense pamalopo n'kumujambula, kuti uone ngati nyali zili bwino. Tsikulo panalibe woti aime. Choncho ndinaimika kamera pamiyendo yake, n'kuitchera kuti ijambule yokha pakatha masekondi khumi. Alamu anali atatsogoza zovala zawo, kuphatikizapo chijasi chakuda ndi chipewa. Popeza nsalu yakuda imavuta pakamera, ndinavala chijasicho ndi chipewacho kuti ndione mmene zitulukire. Ine kujambulidwa ndimadana nako, ndiye ndinafulatira kamera, n'kuyang'ana pazenera, mutu uli pansi. Ndikuuzeni zoona: pa nthawi imeneyo ndinkaganiza ngati ndinazimitsa simbi yositira pochoka kunyumba.

Alamu anafika patatha maola awiri, ali ndi thumba la malalanje. Ndinawajambula zithunzi pafupifupi mazana awiri, zonse akuseka. Chijasi chija anachivalanso, koma mabatani anakana kukumana. Kamodzi kokha anafulatira kamera ali pazenera, akuti mmene amachitira oimba otchuka, koma mapewa ankagwedezeka ndi chiseko moti chithunzicho chinatuluka chosaoneka bwino.

Chikuto chawo ndinachikonza monga anafunira, mkango ndi mphezi zomwe. Kenako, pongodzisangalatsa, ndinakonzanso china ndi chithunzi changa choyesera kuwala chija. Ndinachotsa mitundu yonse, kutsala wakuda ndi woyera, ndipo dzina la alamu ndinaliika pakona m'tizilembo ting'onoting'ono. Sindinafune kuonetsa munthu. Vuto ndi mmene timasungira ntchito pakompyuta anthu a ntchito yathu. Ndinali ndi fayilo yotchedwa “chomaliza”, ina “chomaliza 2”, ina “chomaliza chenicheni”, ina “chomaliza chenicheni ndithu”. Yomwe inapita kwa wamakina sinali ya mkango. Zikuto zonse zinasindikizidwa, mapositala nawo, ndipo chithunzi chomwecho ndi chomwe chinapita pa intaneti pamodzi ndi nyimbozo.

Tsiku lomwe alamu anabwera kudzatenga katundu wawo, ndinali nditakonza mawu opepesa okwana tsamba lathunthu. Anatsegula katoni, anatulutsa chimbale chimodzi, n'kukhala chete. Aka kanali koyamba kuwaona ali chete ali maso. Kenako anafunsa kuti mkango uli kuti, koma ndisanayankhe anati tiusiye mkangowo. Anayandikitsa chikutocho kumaso, anachitalikitsa, n'kunena kuti kompyuta yanga ndi yoopsa, mimba yonse yapita, ndipo ngakhale msinkhu ndawawonjezera. Ndiye anandiyang'ana n'kufunsa motsitsa mawu kuti, “Kodi ndimaoneka chonchi ndikakhala ndekha?”

Ndinayankha kuti, “Nthawi zina.”

Aphungu, mawu awiri amenewo ndi omwe andifikitsa pano.

Chimbalecho chinayamba kuyenda kuposa mmene tonse tinkaganizira. Koma anthu sankachimva mmene tinkachimvera ife. Muulutsi wina pawailesi anafotokoza kuti nyimbo ya patapata ndi kulira kwa mwamuna amene mkazi anamuthawa, watsala phazi limodzi pansi pozizira. Ine ndinalipo tsiku lomwe patapata imeneyo inasowa. Inatengedwa ndi galu. Mtolankhani wina analemba kuti Chigubu ndi woimba wobisa misozi m'nyimbo zovina, ndipo kuti aliyense woyang'ana mapewa a pachikutowo aona katundu wolemera amene munthuyu wasenza. Ndinawerenga kawiri nkhaniyo. Katundu wakeyo anali simbi.

Alamu anadula nkhaniyo munyuzipepala n'kuimata pafiriji, ndipo kuyambira pamenepo anayamba kusanduka munthu wa pachikuto uja. Choyamba anasiya kuseka. Si kuti chiseko chinawathera ayi, amachitsekera m'masaya mpaka misozi kutuluka, anthu n'kumakodolana kuti taonani, zawakumbutsa zakale. Chakudya amadya theka. Lamba wawo aboolamo mabowo awiri atsopano ndi msomali. Chijasi chija amavala ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo amayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu thukuta lili kamukamu. Atawaitana kuwailesi, funso lililonse ankayankha kuti “mwina” kapena “moyo ndi choncho”, ndipo pena anakhala chete nthawi yaitali moti muulutsi anapepesa omvera kuti makina avuta.

Kunyumba amaima pazenera la pabalaza, manja m'thumba. Zeneralo limayang'ana pachingwe chomwe aneba amayanikapo zovala. Patatha sabata, bambo a nyumba imeneyo anabwera kudzafunsa mwaulemu kuti kodi pali chovala china chimene a Chigubu achikonda, kuti angowapatsa nkhani ithe.

Nyimbo nazo azichepetsa liwiro. Ya tambala ija tsopano imamveka ngati tambalayo anamwalira. Wang'oma wa m'bandi yawo anandidandaulira kuti akamenya ng'oma kamodzi amatha kusenda lalanje, kudya, n'kusamba m'manja isanakwane nthawi yomenyanso. Akuti akaona kuti zikupitirira, akalowa bandi ina. Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mawu. Alamu mawu awo ankachokera m'mimba muja, ndipo mimba ikamaphwa mawu nawo akuphwa. Sabata yatha poyeserera analephera kufika pamwamba pa nyimbo yomwe kale ankaimba akutafuna.

Ndiye pali china chomwe ndikuchita nacho manyazi kulemba. Masana alionse amabwera kuntchito kwanga, amakhala pakatoni ya mapepala, n'kumandiyang'ana ndikugwira ntchito. Ali ndi kabuku komwe amalembamo. Tsiku lina anandipempha kuti ndiusenso moyo, akuti sanaone bwino ngati mapewa amayamba kukwera kapena kutsika. Anandifunsa komwe ndinagula juzi yanga yotuwa, mawa lake anabwera atavala yotero. Lachisanu lapitali potuluka anagunda chitseko n'kuchiuza kuti pepani, kenako anandicheukira kuti aone ngati akhoza. Nditawafunsa chifukwa chake akuchita zimenezi, anati ine ndine munthu yekhayo wachisoni amene amamudziwa. Zinandiwawa pang'ono. Ine sindine wachisoni. Ndimangokhala chete basi. Kapena mwina ndine wachisoni koma sindinauzidwe, sindikudziwa.

Loweruka la sabata yamawa akukhazikitsa chimbalechi muholo yaikulu. Anapita kwa kalipentala kukakhomesa felemu la zenera loima palokha, lamatayala. Cholinga chawo n'choti aimbe nyimbo zonse khumi ndi ziwiri atafulatira anthu, akuyang'ana pazenera limenelo. Anthu ambiri amene agula matikiti ndi omwe akhala akuvina nyimbo zawo m'maukwati zaka zonsezi. Akubwera ndi nsapato zovinira.

Achemwali anga ndi namwino, ndipo palibe chimene chimawadutsa. Lamlungu lapitali anandiitanira kukhitchini, anatseka chitseko, anaika chimbalecho patebulo, n'kuloza ndi cholembera pansi pa chipewa, kuseri kwa khutu lamanzere. Pamenepo pali kachipsera kakang'ono, koti munthu wina aliyense angati ndi fumbi la pakamera.

“Iwe, khutu ili ndi la ndani?” anandifunsa.

Ndinayamba kufotokoza za mmene kuwala kumasinthira maonekedwe a zinthu, koma anandidula. Anati chipsera chimenecho anachiika okha ndi loko wa pageti ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, tsiku lomwe ndinawaulula kwa bambo kuti anabwera mochedwa, ndiye sangaiwale ntchito ya manja awo. Akuti anazindikira tsiku loyamba lomwe, koma anadikira mwezi wathunthu kuti aone ngati ndili ndi pakamwa. “Ine ndinakwatiwa ndi munthu woseka,” anatero. “Ndikanafuna munthu woima pazenera osalankhula, ndikanangokhala kwathu ndi iwe.” Anandipatsa mpaka Loweruka limenelo. Ndikapanda kuwauza alamu, akuti adzakwera okha pansanja, adzalanda maiki, n'kundikoka ndi khutu lomwelo kuti anthu onse aliyerekeze ndi la papositala. Aphungu, achemwali anga sanena zinthu zoopseza chabe. Loko uja ananeneratu kuti aponya.

Lachiwiri ndinalimba mtima n'kupita. Achemwali anali kuntchito. Alamu anandithirira tiyi, iwo n'kumwa madzi. Ndisanatsegule pakamwa, anayamba ndi iwo. Anati zaka khumi ndi ziwiri zonsezi m'maukwati amawaitana kuti aimbe nthawi ya chakudya, ndipo nkhope zomwe amazidziwa bwino ndi za anthu akutafuna. Anati palibe anawafunsapo kuti nyimbo amazipeka bwanji, amangowafunsa kuti amadya chiyani. Koma dzulo lake mayi wina amene samudziwa anawaimbira foni, n'kuwauza kuti chichokereni amuna ake pa dziko lino nsapato zawo zikadali pakhomo, ndipo nyimbo ya patapata ija ndi yomwe yamuthandiza kulira koyamba. Alamu anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Alamu, inu ndinu munthu woyamba kundiona.”

Ndinawauza kuti tiyi anali wokoma, n'kunyamuka.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndinachisiya m'makalata awiri oyamba aja. Wamakina asanayambe kusindikiza, amabweretsa pepala limodzi loyesera kuti mwini ntchito avomereze. Anabwera nalo kukachipinda kwanga n'kufunsa kuti, “A Pepani, ndi chimenechi?” Ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Ndinagwedeza mutu kuvomera. Kwa milungu ingapo ndakhala ndikudziuza kuti ndinali wotopa, kapena kuti ndinalibe magalasi. Magalasi ndinali nditavala. Ndikuganiza kuti chinali chinthu chokongola kwambiri chomwe ndinapangapo chiyambireni ntchito, ndipo sindinafune kuti mkango uchidye.

Ndiye ndithandizeni. Ndikawauza, ndiwalanda chinthu chokhacho chomwe chawapatsa ulemu. Ndikapanda kuwauza, akachita manyazi pamaso pa holo yonse, mawu awathera, wang'oma achoka, ndipo khutu langa lili m'manja mwa achemwali. Ndaganizapo zodwala Loweruka limenelo, koma achemwali ndi namwino.

Ine wanu wosowa mtengo wogwira,
D. P., kuseri kwa ogulitsa matayala

*

A D. P.,

Mwalemba zambiri, koma simunandiuze ngati simbi ija munaizimitsa. Ndawerenga kalata yonse mtima uli m'mwamba.

Tiyambe ndi mafayilo anu anayi aja. Asiyeni apume, alibe mlandu. Munagwedeza mutu magalasi ali kumaso, ndipo mwachita bwino kuvomera. Sindikukuweruzani kwambiri. Munthu amene wakhala zaka akujambula nkhunda ziwiri pamakadi a anthu ena amafika pofuna kuti kamodzi kokha chinthu chake chituluke panja. Kulakwa kwanu si kujambula chithunzi chabwino. Kulakwa kwanu ndi “nthawi zina” uja, ndi tiyi wokoma uja. Akuluakulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna. Yanuyi ikufuna kufera kuuna itakokeramo mlamu wake, ng'oma ndi bandi yonse.

Tsopano ndikuuzeni chimene simukuchiona chifukwa choti mwayandikira kwambiri. Alamu anuwo akudziwa. Mwina sakudziwa ndi mutu wonse, koma akudziwa mmene munthu amadziwira dzino lobooka: lilime limapitako lokha, mwiniwake n'kumakana. N'zoona kuti munthu saona nkhongo yake, koma msinkhu wake amaudziwa, ndipo amakumbukira chijasi chomwe mabatani ake anakana kukumana. Taganizani bwino. Munthu wokhulupirira kuti chithunzicho ndi chake, akafuna kufanana nacho amapita pakalilole. Awa sakupita pakalilole. Akubwera kudzakhala pakatoni kuseri kwa matayala, ndi kabuku, n'kumayeza mapewa anu. Agula juzi yanu. Mukufunanso umboni wanji, kalata yochokera kwa galu anaba patapata uja?

Sakunena chifukwa akuopa chimodzimodzi inu. Akuganiza kuti zikangotuluka pakamwa, foni ya mayi uja iyenera kubwezedwa kwa mwini msana. Ndiye m'banja mwanu muli anthu atatu odziwa chinthu chimodzi, awiri aima pazenera, mmodzi akusakasaka loko.

Pitani sabata ino, osati Lachisanu lotsamira tsiku la mwambo. Uzani achemwali anu tsiku ndi ola, kuti khutu lanu lipumeko, ndipo muwapemphe zinthu ziwiri: aphike chakudya chomwe amuna awo sangachikane, kenako atuluke m'nyumbamo. Munthu wanjala samva nkhani, ndipo munthu sauzidwa zoterezi mkazi wake ataima potero manja ali m'chiuno.

Tsamba lanu la mawu opepesa lija lisiyeni kuntchito. Ndikukudziwani kale: mukayamba ndi mbiri ya kuwala, mutha ola lathunthu mukupepesa mipando. Akamaliza kudya, pemphani chijasi ndi chipewa, valani, kaimeni pazenera lawo lija mutawafulatira. Werengani mpaka khumi monga inachitira kamera. Kenako tembenukani n'kunena kuti, “Ndine, ndipo ndinadziwa asanasindikize.” Mbali yachiwiriyo musaimeze. Mukaibisa, mudzalemba kalata yachinayi chaka chamawa.

Akafunsa kuti nanga munkaganiza chiyani chomwe chinaweramitsa mapewa chonchija, auzeni za simbi. Munthu amene wasunga chiseko m'masaya mwezi wathunthu sangapirire zimenezo. Akaphulika, dziwani kuti zovuta zatha. Akapanda kuseka n'kukwiya, musathawe, ndipo musayamike tiyi. Khalani pomwepo, akukalipireni, ndi ufulu wawo.

Zikatero muwauze chinthu chomwe ndi choona, ndipo muchinene bwinobwino chifukwa ndi chomwe akuchisowa. Mayi uja sanalire chifukwa cha chijasi. Msana wanu suimba. Chikuto ndi chitseko chabe. Cha mkango ndi mphezi chikanauza anthu kuti lowani mukuvina, chanucho chinawauza kuti lowani mwaulemu, ndipo atalowa mwaulemu anamva zinthu zomwe zinalimo kale m'mawu a alamu anu. Munthu amene waimbira anthu otafuna zaka khumi ndi ziwiri ali ndi chisoni chakechake, sakufunika kubwereka chanu, chomwenso mwini wake mukuti mulibe. Patapata inatengedwa ndi galu, inde, koma amene anaona kuti patapata yotsala yokha pakhonde ndi nkhani yoyenera nyimbo si galuyo, ndipo si inu.

Chikutocho musachisinthe. Chagwira ntchito yake, ndipo palibe lamulo loti munthu wa pachikuto akhale mwini nyimbo. Ngati alamu adzafuna kuuza anthu kuti msanawo ndi wa ndani, adzanena okha. Inu musayambe kuyenda mukuulula m'misewu chifukwa choti mtima wapepuka.

Za Loweruka, zenera lakhomedwa kale, ndipo kalipentala sangalibweze kukhala mtengo. Aligwiritse ntchito. Ayambe nyimbo yoyamba atafulatira, mwakachetechete, anthu a munyuzipepala akhutire. Ikafika pakati, akankhe zeneralo, popeza lili ndi matayala, atembenuke ndi mimba yomwe yatsalayo, wang'oma aponye lalanje pansi. Obwera kudzalira apeza zawo, obwera ndi nsapato zovinira apezanso zawo. Koma kuti afike pamwamba pa nyimbo ija ayenera kuyamba kudya lero, ndipo msomali woboolera lamba ubwerere kwa kalipentala.

Inu ntchito yanu ndi iyi. Muli ndi zithunzi mazana awiri za munthu akuseka, ndipo ndikukayika ngati munaziyang'ana ndi mtima womwe munayang'anira chanu chija. Zitsegulaninso. Sankhani chimodzi, muchikonze ndi luso lanu lonse la ku yunivesite, chikhale positala yaikulu ya pakhomo la holo. Anakuuzani kuti ndinu munthu woyamba kuwaona. Panthawiyo sizinali zoona. Muli ndi sabata imodzi ndi theka yoti muzisandutse zoona. Ndipo mkango wawo muwapatse. Ukhoza kukhala waung'ono, pakona, koma munthu anaulemba papepala.

Mwati simukudziwa ngati ndinu wachisoni kapena wachete. Munthu wachisoni sangalembe kalata yondiseketsa mpaka kutaya tiyi pamapepala a anthu ena. Ndinu wachete amene amafuna kuonedwa koma atafulatira. Palibe choipa pamenepo, kungoti malo a munthu wa ntchito yanu ndi kuseri kwa chikuto, pomwe amalemba kuti wokonza ndi uje. Ulendo wina lembanipo dzina lanu, m'zilembo zoti munthu angawerenge opanda magalasi. Positala imodzi ya msana wanu muimate m'kachipinda kanuko. Mzinda wonse wakuyang'anani mwezi wathunthu ndipo simunafe.

Chenjezo langa ndi ili. Alamu anu akaseka, akadya, n'kugona bwino, m'mawa mwake adzadzuka ndi nzeru yatsopano. Adzati popeza munthu wa pachikuto alipo, Loweruka adzaime pazenera pansanjapo atavala chijasi, iwo akuimba pambali. Adzati n'kamodzi kokha. Mukavomera, mudzakalamba mutafulatira anthu m'maukwati, nthawi ya chakudya. Yambani lero kuyeserera mawu oti “ayi”, popanda “pepani” kutsogolo kapena kumbuyo. Yambirani pa mpando uja.

Ndipo tsiku lina mukadzafuna kuyesa kuwala popanda woimirira, chijasicho mudzaveke tsache. Tsache lilibe khutu, ndiponso lilibe achemwali.

Phungu wanu